Mlandu ndinawina, mwana anapita

Mwana wanga wamkazi anabadwa mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la m'chigwa muno limaswa mtengo ndipo nkhuku zimayenda zitayasama. Ndinali ndi zaka naintini. Bambo ake anali dalaivala pa loji ina ku Chinzombo, kumene ine ndinkachapa mashiti ndi matawulo a alendo m'miyezi ya chilimwe. Sanali wa kuno. Kwawo kunali kumtunda, ku tauni, ndipo Chikunda chathu ankachilankhula mopotoka mpaka tonse ochapa tinkafa ndi phwete. Anandiuza kuti sizoni ya alendo ikatha adzatuma anthu kwathu.

Mimba itayamba kuoneka, amalume anga anamuitanitsa. Kwathu ku Kakumbi mwana ndi wa kuchikazi, ndipo nkhani zotere mwini wake ndi malume. Anakhala pansi pa mango tsiku lathunthu, n'kumugamula kuti alipire damiji, ndalama ya kuwononga mwana wa eni. Anabweretsa kawiri mpaka inakwana. Amalume anagulira malata a khitchini yawo, ine anandipatsa chitenje chimodzi ndi beseni losambitsira khanda. Za ukwati sizinamvekenso.

Zaka ziwiri zoyambirira bamboyo ankabwera mwa apo ndi apo, atanyamula sopo, shuga, nthawi zina buledi wotsala wa ku loji. Ankamunyamula mwanayo m'mwamba n'kumati mphumi ndi yake yeniyeni. Mwana atafika zaka zitatu ndinamva kwa anzanga ochapa kuti bamboyo wakwatira mphunzitsi ku tauni, ukwati wa mutchalitchi. Kuyambira pomwepo phazi lake silinapondenso pakhomo pathu. Ntchito ya ku loji inali itandithera kale, chifukwa chaka chimene ndinkayamwitsa anaikapo munthu wina. Ndinabwerera ku khasu, ine ndi amayi anga, m'munda wathu wa chimanga ndi mapira.

Tinkapirira choncho mpaka mwana anakwanitsa zaka sikisi. Chaka chimenecho chimanga chinabereka bwino, ndipo tinali titayamba kale kukambirana zokonza nkhokwe. M'mawa wina tinapeza njovu zadutsamo. Mpanda wa nsanza zopaka tsabola unali pansi, mapesi atathyoledwa kuchokera ku mpoto mpaka ku mwera, ndowe zikadali zofunda. Amayi anangokhala pansi pa chulu. Mwana wanga ankatola zitsononkho zotafunidwa n'kumaika m'chitenje, akuganiza kuti akutithandiza kukolola.

Sabata yomweyo mwanayo anagwidwa ndi malungo. Mankhwala ku kiliniki anatipatsa, koma anamwino anati magazi achepa, mwana azidya mazira ndi nsomba. Ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kukadikira bambo ake pa geti la loji. Ndinakhala pa mwala kuyambira naini koloko mpaka galimoto yake inabwerako kokaonetsa alendo nyama. Atatsitsa alendowo anabwera, makiyi akuzunguza ku chala.

"Mwaswera bwanji, bambo a mwana?" ndinatero.

"Ndaswera. Kwagwanji?"

Ndinamuuza za njovu ndi za malungo. Anamvetsera akuyang'ana kumbali, kwa alonda a pa geti.

"Ine ndinalipira kale kwa amalume ako," anatero. "Kakumbi yense anaona. Si inu nomwe mumati mwana ndi wa kuchikazi? Ndiye mlereni. Ndipo usadzabwerenso kuno, ukufuna undichotsetse ntchito?"

Anapisa m'thumba n'kundipatsa twente kwacha. Ndinalandira ndi manja awiri. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinagwada polandira.

Amene anandiuza za khoti anali anamwino aja. Anati ku boma kuli mayi wina wodziwa malamulo amene amathandiza anthu ulere Lachitatu lililonse. Amayi anga anagulitsa nkhuku ziwiri kuti ndipeze ya galimoto. Ndinawapeza mayiwo atakhala pa tebulo laling'ono m'khonde la ofesi, azimayi anayi ali pa benchi kudikira. Nthawi yanga itakwana ndinayamba ndi kupepesa, ndinati mwina ndangowataitsa nthawi chifukwa munthuyo analipira kale damiji ndiponso sitinakwatirane.

"Damiji ija anadya ndani?" anandifunsa.

"Amalume."

"Nanga mwana wadya chiyani lero?"

Iwo anayamba kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga. Anati damiji ndi nkhani ya mabanja awiri, yopepesana, sikhudzana ndi chakudya cha mwana. Lamulo la dziko limati aliyense amene wabereka mwana ayenera kumudyetsa, kumuveka, kumupezera pogona, sukulu ndi mankhwala. Bambo ndi mayi onse awiri, kaya anakwatirana kaya ayi, kaya ndi a kuchikazi kaya a kuchimuna. Anati ndalama imene khoti limalamula si ya mayi ayi, ndi ya mwana, choncho palibe malume amene angaikhululukire. Woweruza amayang'ana zimene bambo amapeza ndi zimene mwana akusowa, n'kuika mlingo wa pamwezi mpaka mwana atakula. Bambo akakana kuti mwana si wake, pamafunika mboni kapena kuyeza magazi. Akakana kulipira, khoti likhoza kulamula abwana ake kuti azidula pa malipiro, ndipo akachita mwano akhoza kumangidwa.

Ndinamva ngati wina wandilandira mtolo wa nkhuni pamutu. Zaka zonsezo ndinkadziona ngati wopemphetsa, osadziwa kuti ndinkapempha chinthu chimene chinali kale cha mwana wanga.

Ndikunyamuka, mayiwo anandigwira dzanja. "Koma mudziwe, mwana wanga, pepala la khoti lilibe miyendo. Miyendo yake mudzakhala inuyo."

Amalume atamva anabwera atakwiya. Anati ndikuwachititsa manyazi, anthu adzati banja lathu limadya kawiri pa mlandu umodzi. Anati mwana ndi wathu, ndipo ukasumira bambo ndiye kuti wamupatsa mphamvu pa mwanayo. Ndinawafunsa mwaulemu ngati iwo angandipatse thumba la chimanga mwezi uliwonse, popeza mwanayo ndi wawo. Anadzuka n'kukwera njinga. Kwa zaka pafupifupi ziwiri sanandilankhule.

Ku khoti ndinapita katatu. Ulendo woyamba anati samoni yomuitanira ku khoti sinamufike. Ulendo wachiwiri abwana ake analemba kalata kuti ali m'tchire ndi alendo. Ulendo uliwonse nkhuku kapena mphika unkachoka pakhomo. Ulendo wachitatu anabwera, atavala shati loyera. Sanakane kuti mwana ndi wake. Anangoti malipiro ake ndi ochepa, ntchito yake ndi ya miyezi ya chilimwe yokha, ndipo ali ndi banja lina. Anaonetsa kapepala ka malipiro. Ine ndinkadziwa kuti ndalama zambiri za madalaivala ndi zimene alendo amawapatsa m'manja potsanzikana, koma zimenezo sizilembedwa paliponse, ndipo nditazitchula anaseka n'kunena kuti ndibweretse umboni.

Woweruza anali bambo wachikulire wa mawu otsika. Anandifunsa mtengo wa ufa, sopo, yunifomu ndi nsapato, n'kumalemba. Kenako analamula kuti bamboyo azipereka faifi handiredi kwacha mwezi uliwonse, ndipo mwana akadwala tizigawana ndalama za mankhwala ndi ulendo. Anamuuza maso ndi maso kuti kulera mwana ndi udindo wa makolo onse awiri, ndipo kukwatira kwina sikufafaniza mwana woyamba. Ndinalira m'khoti momwemo, mesenjala mpaka anandiuza kuti ndikalirire panja.

Panjapo bamboyo anandidutsa pafupi. "Wawina," anatero. "Ukaphike pepalalo."

Miyezi itatu ndalama inabwera pa foni. Ndinagula yunifomu, nsapato zapulasitiki ndi thumba la ufa. Mwana anayamba giredi wanu, masaya anabwerera. Kenako mvula inagwa, makampu a m'tchire anatsekedwa, foni inangoti zii. Ndikaimba inkalira mpaka kuduka. Mitsinje inadzaza, msewu unadukaduka, ndipo ndinafika ku boma mwezi wa Epulo.

Kalaliki wa khoti anali munthu wabwino ndithu. Anawerengetsa miyezi imene yadutsa, n'kundithandiza kulemba pempho lakuti ndalama zizidulidwa ku malipiro. Ndinabwerera kudikira. Patapita masabata asanu anandiuza kuti mesenjala anafika ku loji koma anapeza munthuyo anasiya ntchito. Akuti tsopano amayendetsa malole ku tauni.

"Mutipezere kumene akukhala kapena kumene akugwira ntchito," anatero kalaliki. "Tikadziwa, titumiza mapepala ku khoti la kumeneko."

"Ine ku tauni sindinafikeko chibadwire, bambo."

"Ndiye funsani anzake. Popanda keyala ife manja athu ndi omangika."

Anzake ndinawafunsa. Wina anati sakudziwa, wina anati ali ku malire a dziko, wina anandiuza kuti ndisiye kuvutitsa mwamuna wa mwini. Pepala lija ndinalikulunga m'pulasitiki ya shuga n'kuliika m'Baibulo la amayi.

Chaka chotsatira njovu sizinabwere, kunabwera madzi. Mwezi wa Febuluwale mtsinje unasefukira n'kukhala m'munda masiku naini, chimanga chonse chinaola chili chiimire. Amayi anayamba kutsokomola nthawi yomweyo, ndipo tinawaika m'manda masika asanafike. Pa maliro amalume anandilankhulanso, koma nawonso nkhokwe yawo inali yopanda kanthu. Ndinatseka nyumba, ndinamuchotsa mwana pa sukulu, tinapita ku Msoro kukatola thonje m'minda ya anthu. Tinkagona m'khitchini ya mayi wina wa mpingo wathu. Mwana wanga, wa zaka eyiti, ankatola nane kuyambira m'mawa, tizala take titabooka ndi zikhokho za thonje. Tinkadya kamodzi. Tsitsi lake linayamba kufiira ndi kunyonyoka. Tsiku lina masana anangokhala pansi pakati pa mzere, n'kunena kuti, "Amama, dziko likuzungulira."

M'masiku omwewo foni inalira. Anali bambo ake, patatha chaka ndi theka. Wina anali atamuuza kuti khoti likumufunafuna, komanso kuti mwana wake akutola thonje.

"Ndamva zimene ukumuchita mwana wanga," anatero.

"Tumizani ndalama zija, abwerera ku sukulu mawa lomwe."

"Ndalama m'manja mwako sindidzaikanso ngakhale wani ngwee. Koma mwana ndimufuna. Kuno kuli bedi, kuli sukulu pafupi, mkazi wanga ndi mphunzitsi ndipo wavomera. Undipatse mwana, nkhani ya khoti ithe. Pa holide azibwera kudzakuona."

Ndinadula foni. Ndinatukwana mawu amene sindinatukwanepo. Koma Lachitatu lotsatira ndinali pa benchi ija ku boma, nditabwereka ya galimoto kwa mwini munda.

Mayi wodziwa malamulo uja anandikumbukira. Atamva nkhaniyo anagwedeza mutu. Anati bamboyo alibe mphamvu yosinthanitsa mwana ndi ngongole. Zimene khoti linalamula zikadalipo, ndipo miyezi yonse imene sanapereke ikumudikira. Anati ngati akufuna kukhala ndi mwana apite akapemphe ku khoti, ndipo woweruza adzayang'ana chimene chili chabwino kwa mwanayo, osati amene ali ndi ndalama zambiri. Umphawi wokha si chifukwa cholandira mayi mwana. Anati tsopano popeza waimba foni, mwina tikhoza kumupeza.

"Zingatenge nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa.

"Sindingakunamizeni. Mwina miyezi itatu, mwina kuposa. Ndipo tikamupeza akhoza kusamukanso."

"Nanga madzulo ano mwanayu adya chiyani?"

Mayiwo anatsegula chikwama chawo, anatulutsa fifite kwacha n'kundifumbatitsa. Sananenenso za lamulo.

Ndinalimbana nazo masabata awiri. Ndinkamuyang'ana mwana akudya phala lopanda shuga, akunyambita supuni mbali zonse. Ndinkadzifunsa kuti ndikumukaniza chifukwa cha iye kapena chifukwa cha ine. Tsiku limene anakomoka pa chitsime ndinaimba foni ndekha.

Anabwera Loweruka, tinakumana ku Mfuwe pa siteji ya mabasi. Anali atanenepa. Anabweretsa kalata yolemba kale yonena kuti ndapereka mwana mwa kufuna kwanga ndipo sindidzafunanso ndalama. Ndinkadziwa, chifukwa mayi aja anandiuza, kuti kalata yotero siingafafanize chigamulo cha khoti. Ndinasainabe. Mphamvu zotsutsana zinali zitandithera.

Mwana ndinali nditamuchapira madiresi ake awiri ndi yunifomu ija, ndinaika m'jumbo pamodzi ndi khadi lake la ku kiliniki. Bambo akewo sankawakumbukira bwino, choncho anandigwira chitenje.

"Amama, inu simukwera?"

"Tsogola ndi atate ako. Ine ndibwera ndikakolola."

"Mukolola liti?"

Bambo ake anamugulira botolo la zakumwa ndi mabanzi awiri. Anasiya chitenje changa kuti alandire. Anakwera, anakhala pa windo, banzi lili kukamwa. Basi itanyamuka ndinayenda wapansi mpaka ku Kakumbi, ndinatsegula nyumba ya amayi, ndinagona pansi osayala mphasa.

Miyezi yoyamba ankandipatsa mwana pa foni Lamulungu lililonse. Ankalira, ankafunsa ngati ndakolola. Kenako anayamba kundiuza za sukulu, za magetsi, za mwana wakhanda wa m'nyumbamo. Kenako inakhala kamodzi pa mwezi. Holide yoyamba bambo ake anati ndalama ya basi palibe. Yachiwiri anati ku chigwa kuli malungo. Yachitatu sanapereke chifukwa, ndipo ine sindinafunse.

Patatha zaka zitatu ndinapezanso ntchito yochapa pa kampu ina. Malipiro a miyezi iwiri ndinasunga, ndinagula nsomba zouma ndi mpunga wa kuno, ndinakwera basi kupita ku tauni koyamba m'moyo wanga. Keyala imene khoti linkafuna ija bamboyo anandiuza yekha pa foni, mosavuta, ngati munthu amene alibe choopa.

Nyumba inali ya njerwa, ya mpanda wa maluwa. Amene anatsegula chitseko anali mtsikana wamtali, wonenepa bwino, tsitsi lakuda lolukidwa, atabereka mwana kumbuyo. Ndinamudziwa ndi mphumi. Iye anandiyang'ana kaye, kenako anagwada patali.

"Muli bwanji?" anatero.

Ndinamuyankha m'Chikunda, ndinamuitana ndi dzina lija ndinkamuitana ali khanda. Anamwetulira mwamanyazi n'kutembenukira kwa mayi ake omupeza amene anali atatulukira kumbuyo kwake, ngati akufunsa kuti ayankhe chiyani. Mayiwo anandilandira bwino, sindingawanamizire. Anandipatsa mpando, anamutuma mwana kuti akandiphikire tiyi. Anandionetsa malipoti ake a ku sukulu, anali nambala folo m'kalasi. Ndinaona kuti ntchito zonse za m'nyumbamo ankagwira ndi iye, kutsuka, kusesa, kulera ana awiri. Ndinaonanso kuti anali ndi nsapato ziwiri ndi bulangeti lake. Ndinasowa choti ndidandaule.

Tinatsala awiri kanthawi kochepa ku khitchini. Ndinamufunsa ngati amamusunga bwino. Anati inde. Ndinamufunsa ngati akufuna kubwera kwathu pa holide. Anapukuta kapu nthawi yaitali.

"Kuli njovu," anatero. "Ndiponso munandiuza kuti mubwera mukakolola."

Ndinayesa kumufotokozera za madzi, za khoti, za thonje. Mawu ankatuluka osalongosoka, theka Chikunda theka Chinyanja, ndipo mwana wa kumbuyo uja anayamba kulira. Anapita kukamutonthoza.

Bambo ake anafika madzulo. Anaona nsomba ndi mpunga pa tebulo n'kuseka.

"Woweruza uja paja anati makolo onse awiri," anatero. "Tsopano mwana ali kwa ine. Iwe uzitumiza zingati pa mwezi?"

Mkazi wake anamudzudzula kuti asatero pamaso pa mlendo. Mawu akuti mlendo sanawanene mwachipongwe, ndipo palibe amene anawakonza. Ndinagona pa mphasa pabalaza, m'mawa ndinakwera basi yobwerera. Mwana anandiperekeza mpaka pa geti pokha chifukwa nthawi ya sukulu inali itakwana.

Tsopano ali ndi zaka fifitini. Ine ndikadali ku Kakumbi, chilimwe ndimachapa, dzinja ndimalima. Sindinakwatiwe ndipo sindinaberekenso. Ndikapeza kangachepe ndimatumiza pa foni ya mayi ake omupeza, iwo amayankha kuti zikomo. Ku khoti sindinabwererenso. Ndimadziwa kuti ndikhoza kukapempha kuti mwana azibwera kwa ine pa holide, ndipo mwina woweruza angavomere. Koma mtsikana wa msinkhu umenewo sungamukweze basi ndi pepala ngati mtima wake sukufuna, ndipo ndikuopa kukamva akunena yekha pamaso pa anthu kuti sakufuna.

Atsikana a m'mudzi muno amene asiyidwa ndi ana amabwera kwa ine, chifukwa mbiri inamveka kuti ndinasumira mwamuna n'kuwina. Ndimawauza zoona zokhazokha: tsiku loti apite, khomo loti agogode, kuti atenge khadi la mwana la ku kiliniki, kuti damiji si chakudya cha mwana. Ndimawauzanso kuti asanayambe adziwe kumene mwamunayo amagona ndi kumene makolo ake amakhala. Akandifunsa kuti nanga wanu ali kuti, ndimati ali pa sukulu ku tauni, iwo n'kumati ndinachita mwayi.

Mwezi watha ndinaimba pa tsiku limene analemba mayeso omaliza a teremu. Anayankha yekha. Mawu ake akula, akufanana ndi a amayi anga. Ndinamufunsa za mayeso, anati anayenda bwino. Ndinamuuza kuti mango a pakhomo ayamba kupsa. Anati chabwino. Ndinkamva mapoto akugundana kumbali yake.

"Ndili pa moto," anatero. "Mudzaimbenso tsiku lina."

Ndinati ndidzaimba.